Agogo Akatiiwala

Munthu akatsika ku mapiri a Dedza pa mseu wokhota-khota wa Khwekhwerere, amatulukira ku Golomoti, m'cigwa cotentha ca milambe ndi mango. Akalunjika kumpoto apeza Mua, kenaka Mtakataka, nyanja ili ca kum'mawa. M'mudzi wina wa m'cigwa cimeneci muli amai ena okalamba amene ndifuna tiyambe ndi nkhani yao. Dzina lao sindilichula, pakuti zimene zawagwera zagwera mabanja ambiri. Tingowacha agogo, monga amacitira adzukulu ao.

Agogowa anali mlimi wa mpunga, wodziwa kuumba mbiya ndi kutsogolera nyimbo pa maliro. Tsiku lina anadzuka pakamwa patapotoka, mkono wamanja uli wolemera, mau osamveka bwino. Patapita masabata angapo anapeza bwino, ndipo onse anati zatha. Caka cotsatira zinacitikanso, koma pang'ono pokha. Kuyambira pamenepo abale anayamba kuona zacilendo. Nsima imene anaiphika zaka 50 inayamba kuwasokoneza: ankathira ufa madzi asanafunde, ndiwo n'kuziiwala pa moto. Akafunsidwa kanthu ankakhala nthawi yaitali asanayankhe. Kayendedwe kao kanasanduka kokweza mapazi pang'ono-pang'ono ngati munthu woopa matope. Nthawi zina ankalira popanda cowaliza. Tsiku lina anasokera pocokera ku mtsinje, pa njira imene anaiyenda kuyambira utsikana wao, ndipo usiku wina anapezeka ali ciimire pa khomo la eni, osadziwa cimene anadzera.

Mwana wao wamkazi anapita nao ku cipatala. Dokotala atawayeza anapeza kuti magazi ao ali kuthamanga kwambiri, nawapatsa mankhwala, nati, "Awa azimwa tsiku ndi tsiku kuti matenda asaonjezeke. Koma nzeru zimene zatayika kale, palibe mankhwala ozibweza."

Mau amenewa anagawa anthu patatu. Mwana wamwamuna amene agwira nchito ku Johannesburg anati, "Ndidzatumiza ndalama, mukafune mankhwala amphamvu kwina." Ena a m'mudzi ananong'onezana kuti munthu woyenda usiku m'makomo a anzace adziwika cimene ali. Koma mwana wamkazi uja, amene amawasambitsa ndi kuwadyetsa, anafunsa funso limene kabuku kano kafuna kuyankha: "Ngati amai sadzaciranso, ndipo mawa sadzakumbuka zimene ndawacitira lero, kodi kubvutika kwangaku kuli ndi phindu lanji?"

Funso limeneli si la munthu woipa mtima ai. Ndi funso la munthu wotopa, ndipo liyenera kuyankhidwa moona.

Matendawa ndi otani?

Alimi a mpunga a ku Bwanje adziwa bwino za ngalande. Madzi amacoka mu mtsinje wa Namikokwe, nalowa m'ngalande yaikulu, nagawika m'ngalande zazing'ono, kufikira afika m'munda wa munthu aliyense. Ngalande imodzi ikatsekeka ndi matope, kapena ikagumuka, munda wa kunsi kwace umauma pamene minda ina ili yobiriwira. Ubongo wa munthu uli cimodzimodzi. Ngalande zace ndizo mitsempha ya magazi. Ubongo ndi kanthu kakang'ono poyerekeza ndi thupi lonse, koma pa mpweya wonse umene thupi ligwiritsa nchito, gawo limodzi mwa magawo asanu limapita kumeneko. Cotero mtsempha ukatsekeka kapena kuphulika, kacigawo ka ubongo kamene kamamwa pa mtsemphawo kamafa msanga. Ukakhala mtsempha waukulu, ndiyo sitiroko imene tonse tiidziwa, yofooketsa mkono ndi mwendo. Koma tikakhala timitsempha tating'ono ta m'kati, munthu samva kanthu, ndipo minda imauma umodzi-umodzi mwakacetecete, kufikira youma iculuka ndi nzeru ziyamba kufooka.

Dzina la matendawa m'Cingerezi ndi vascular dementia. Mau akuti dementia anena matenda onse ofooketsa nzeru kufikira munthu alephera kudzisamala. Ofala koposa ndi amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906. A mitsemphawa ndiwo aciwiri. Mu 1974 dokotala wina, Vladimir Hachinski, pamodzi ndi anzace, anatsindika kuti kawiri-kawiri gwero lace ndilo masitiroko ang'ono-ang'ono ambiri otsatizana. N'cifukwa cace wodwala amatsika monga munthu wotsika pa makwerero: akhala cimodzimodzi miyezi yambiri, atsika mwadzidzidzi, nakhalanso. Ndipo poyamba cimene cimaonongeka kwambiri sindico kukumbuka, koma kufulumira kwa maganizo ndi kulongosola nchito, kudziwa coyamba ndi cotsatira, monga tinaonera pa nsima ya agogo aja.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matenda ofooketsa nzeru, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi ongokwera kumene. Tsono asakunamizeni munthu kuti awa ndi matenda a Azungu. Ndiponso si ukalamba cabe, pakuti tonse tidziwa nkhalamba zimene zinatsikira ku manda nzeru zili zakuthwa ngati lumo. Zimene zimaononga mitsempha n'zodziwika: kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, fodya, mowa wambiri, mafuta oculuka m'magazi, ndi matenda ena a mtima. Kafukufuku amene anacitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti mwa akulu atatu alionse a zaka 25 kufikira 64, mmodzi anali ndi magazi othamanga, ndipo ambiri a iwo sanali kudziwa.

Za onong'onezana aja

Ndisanapitirire ndiyenera kunena mau ocepa kwa anthu amene anaona agogo pa khomo la eni usiku. Munthu wodwala matendawa amasokoneza usiku ndi usana, amaiwala nyumba yace, ndipo nthawi zina amaiwala ndi kubvala komwe. Akazingidwa ndi khamu lofuula, nafunsidwa kuti, "Ndiwe mfiti, si conco?" angathe kubvomera, osati cifukwa n'zoona, koma cifukwa ca mantha ndi kusamvetsa funso. Kumene maganizo otere amathera tikudziwa. Mu January 2016, ku Neno, nkhalamba zinai zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao atazinamizira kuti ndizo zinatuma mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo lina loteteza anthu okalamba. Koma lamulo lili kutali usiku. Amene ali pafupi ndiye mwini khomo uja. Iyeyo ndiye asankhe, kaya kukuwa, kaya kuwafunditsa agogo nsalu ndi kuwaperekeza kwao.

Kuciritsa ndi kusamala

Mwana wa ku Johannesburg uja ali ndi mtima wabwino, koma walakwa pa cinthu cimodzi. Iye aganiza kuti wodwala angathandizidwe m'njira imodzi yokha, ndiyo kumciritsa, ndi kuti kuciritsa kukalephereka palibenso cotsala. Maganizo amenewa ndiwo amadyetsa anthu ogulitsa mabotolo ndi mizu, amene amalonjeza kubweza nzeru za nkhalamba, natenga mbuzi ndi ndalama za fetereza, wodwala ali cimodzimodzi.

Anthu a ku Mua ayenera kudziwa bwino kuposa pamenepa. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 kunatsegulidwa malo osamalirako akhate. Nthawi imeneyo mankhwala enieni ociritsa khate anali asanapezeke. Komabe zilonda zinali kutsukidwa ndi kumangidwa, odwala anali kudya, kulima ndi kupemphera pamodzi, pamene kwina konse anthu anali kuwathawa. Kodi tinganene kuti otsuka zilondazo anataya nthawi yao popeza zala zoduka sizinamerenso? Lero khate limacira ndi mankhwala. Koma amene anasamalidwa mankhwalawo asanadze, anathandizidwa ndithu pa masiku ao.

Tsono pali nchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kusunga ngalande zotsala kuti zisatsekeke, ndipo imeneyi ifuna cipatala. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga amwedwe masiku onse monga ananenera dokotala, osati pa tsiku lokhalo limene mutu wawawa. Mcere ucepe: a WHO ati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kakang'ono, ndipo ife a kufupi ndi nyanja tikumbuke kuti nsomba zina zouma zimadza ndi mcere wace kale. Fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, asiyidwe, ndi kacasu yemwe. Nchito yaciwiri ndiyo kulimira minda imene ikali yobiriwira, ndipo imeneyi njathu ife a pa khomo. Ndinene momveka kuti yaciwiri silowa m'malo mwa yoyamba. Amene aimbira agogo nyimbo naleka kuwapatsa mankhwala ao afanana ndi mlimi wopalira mwakhama m'munda umene ngalande yace ili kugumuka.

Mankhwala osakhala a m'botolo

Tiyeni ticoke pang'ono m'cigwa cathu, tione zimene anapeza anthu a kutali. Mu 2003, ku London, Aimee Spector ndi Martin Orrell pamodzi ndi anzao anafalitsa zotsatira za nchito imene anayesa pa nkhalamba 201 zofooka nzeru. Anazigawa pawiri. Zina zinapitiriza kukhala monga mwa masiku onse. Zina zinkasonkhana m'timagulu tating'ono kawiri pa sabata kwa masabata 7, ndiyo misonkhano 14, uliwonse wa mphindi 45. Pa msonkhano ankayamba ndi nyimbo, nakumbutsana tsiku ndi malo, kenaka kukamba za ubwana, za zakudya, za mitengo ya zinthu, ndi kusewera ndi mau ndi manambala. Lamulo lao lalikulu linali lakuti wodwala afunsidwe maganizo ace, osati kumpatsa mayeso ngati mwana wa sukulu. Pomaliza anapeza kuti osonkhana aja anali kuganiza bwinopo ndi kukondwa ndi moyo kuposa anzao. Pambuyo pace njira yomweyi inakonzedwa kuti iyenerane ndi anthu a ku Africa, niyesedwa m'boma la Hai ku Tanzania, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, pakati pa alimi amene ambiri a iwo sanapite ku sukulu. Zotsatira zace zinafalitsidwa mu 2017, ndipo kumenekonso inathandiza.

Tisakuze nkhani kuposa msinkhu wace. Thandizo lace ndi lapang'ono, ndipo siliimitsa matenda. Munda wouma subiriwiranso. Koma kwa banja, kusiyana kwa agogo ongokhala duu kuseri kwa nyumba ndi agogo oyankha moni ndi kuseka si kwapang'ono ai.

Nditamva za misonkhano ya ku London ija ndinaseka pang'ono ndekha, pakuti zimene iwo analemba m'mabuku ndi zomwezo zimene makolo athu ankacita pa bwalo ndi pa mtondo: nthano, ndagi, bawo, nyimbo, ndi kukumbutsana za caka ca dzombe kapena ca njala ya 1949. Koma kuseka kwanga sikunakhalitse. Mtondo unagonja kwa cigayo, anyamata ali ku Lilongwe ndi ku Joni, ndipo otsala madzulo amaweramira mafoni ao. Zimene kale zinkacitika zokha, lero ziyenera kucitidwa dala, ndi munthu amene wasankha kuzicita.

Coyamba ndi nchito. Ife timaganiza kuti kulemekeza wodwala ndiko kumlanda nchito zonse, kuti, "Khalani pansi agogo, tikucitirani." Koma manja amakumbuka zimene mutu waiwala. Amene sangathenso kuphika yekha angathe kutong'ola cimanga, kuswa mtedza, kusankha nyemba, kupeta mpunga. Bambo amene sangapalasenso bwato angathe kusoka ukonde kapena kuluka mkeka wa mlaza. Popeza matendawa amaononga kulongosola, nchito igawidwe zidutswa. Musati, "Phikani nsima." Muziti, "Gwirani mthiko," ndipo akagwira, "Takasani." Nchitoyo ikatuluka yokhota musaikonze iwo ali kuona.

Caciwiri ndi kalankhulidwe, ndipo apa ndipo ambiri timalakwa ndi mtima wabwino. Mdzukulu akafika kucokera ku tauni amagwada nati, "Agogo, mwandizindikira? Ndine yani?" Onse nayang'ana, kudikira yankho. Taganizani manyazi a munthu wamkulu amene ayesedwa mayeso pamaso pa ana, nalephera. Kuli bwino kunena kuti, "Agogo, ndine mdzukulu wanu, mwana wa uje, ndadza kudzakuonani." Funsani funso limodzi, ndipo dikirani, yankho lili m'njira, koma liyenda pang'ono-pang'ono ngati ngolo ya ng'ombe. Aitaneni ndi ciwongo cao, kaya aNaphiri, aNabanda, aNambewe, aNajere, pakuti dzina limeneli linalowa kale m'mtima ndipo limacedwa kutuluka. Musakambe za iwo pamaso pao ngati palibe.

Za nyimbo ndinganene zambiri. Nyimbo imene munthu anaiphunzira ali wamng'ono imakhala pamalo pozama, kumene matenda amacedwa kufika, ndipo madokotala aona kuti ena amene sitiroko inawalanda mau angathe kuimba mau omwewo amene alephera kuwalankhula. Koma ikhale nyimbo yao, osati yanu: ya cimtali, ya pa mtondo, ya ngoma ya Angoni a ku Mtakataka, ya m'kacisi, kapena ya sikiri, monga mwa kumene munthuyo anakulira. Wailesi yongolira tsiku lonse si nyimbo kwa iwo, ndi phokoso losokoneza.

Zotsala n'zapafupi. Ayende tsiku ndi tsiku ndi wowaperekeza, m'mawa kapena dzuwa litapendeka, pakuti kuyenda kumalimbitsa miyendo, kumathandiza magazi, ndi kubweretsa tulo usiku. Zinthu zao zikhale pamalo pomwepo, kudya ndi kusamba pa nthawi yomweyo, ndipo asasamutsidwe kawiri-kawiri kucoka kwa mwana uyu kunka kwa uyo. Maso ndi makutu aonedwe ku cipatala, pakuti ng'ala imacotsedwa, ndipo munthu wosaona ndi wosamva amaoneka wosokonezeka kuposa m'mene alili. M'mwezi wa October, pamene cigwa cathu citentha ngati ng'anjo, apatsidwe madzi asanapemphe, cifukwa sadzapempha. Ndipo akasokonezeka mwadzidzidzi kuposa dzulo, musati ndi matenda omwe aja. Angakhale malungo, matenda a cikhodzodzo, kusowa madzi m'thupi, kapena sitiroko yatsopano, ndipo zonsezi zifuna cipatala tsiku lomwelo.

Nanga phindu lace n'ciani?

Tsopano tibwerere ku funso la mwana wamkazi uja, pakuti zonse tanenazi sizinaliyankhe. Iye angati, "Cabwino, ndawaimbira, aseka, koma pofika madzulo aiwala kuti ndinadza."

Yankho loyamba ndi lakuti cimene caiwalika ndi nkhani, koma cimene mtima unamva cimatsalira. Mu 2014 akatswiri a ku Iowa, ku America, anaonetsa odwala matenda a Alzheimer zithunzi za kanema, zina zosangalatsa ndi zina zomvetsa cisoni. Patapita kanthawi odwalawo sanakumbuke bwino zimene anaona, ena anaiwala ndi kuti anaona kanema komwe, koma cimwemwe kapena cisoni cinali cikhalire mwa iwo. Amene amasamala nkhalamba zotere adziwa kale zimenezi. Mukawakalipira m'mawa, amakhala osakhazikika kwa nthawi, osadziwa cifukwa cace. Mukaceza nao mokoma, amakhala ofatsa, osadziwanso cifukwa cace.

Koma sindifuna kutsamira pa yankho limeneli lokha, pakuti idzafika nthawi imene ngakhale cimeneci cidzacepa. Tifunse motere: ndani wa ife akumbuka tsiku limene amace anam'bereka kumbuyo popita ku munda, kapena nyimbo imene anamtonthoza nayo usiku wa malungo? Palibe. Kodi amai athuwo anataya nthawi? Wina adzati, "Zimenezo n'zosiyana, pakuti mwana amakula, kulera mwana ndiko kubzala, ndipo kukolola kuli m'tsogolo, koma nkhalamba ili kunka kumapeto." Mau amenewa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Koma taonani kumene atifikitsa. Ngati ubwino wocitira munthu uyesedwa ndi zokolola zokha, ndiye kuti munthu ali ngati ng'ombe ya pa ngolo, imene mtengo wace utha mphamvu zikatha. Amene abvomera zimenezi abvomerenso kuti iye mwini adzayesedwa ndi muyeso womwewo. Ine ndikana. Nsima imene mwadya lero siinatayike cifukwa cakuti mawa mudzamvanso njala. Inagwira nchito yace lero. Momwemonso ola limene agogo anakhala opanda mantha, ali kupeta mpunga pakati pa adzukulu, linali ola labwino la moyo wa munthu, ndipo kuiwalika kwace sikulifafaniza.

Palinso ena amene amati, "Amai athu anapita kale, catsala ndi thupi cabe." Mau amenewa amatuluka m'cisoni, pakuti n'zowawa kulira munthu amene akali moyo. Koma kodi munthu amakhala m'mutu mwace mokha? Makolo anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mbiri ya agogo siili mwa iwo okha: ili mwa ana amene anabala, m'munda umene anatsegula, m'mbiya zimene zikali m'nyumba za anzao, mwa anamwali amene anawalangiza. Iwo akaiwala kuti ndi yani, mudzi ukumbuka, ndipo nchito yathu ndiyo kuwasungira mbiriyo ndi kuwabwezera pang'ono-pang'ono tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi wina wa ku Bradford, ku England, dzina lace Tom Kitwood, analemba buku mu 1997 lonena zofanana ndi zimenezi, naonetsa kuti kunyozedwa, kufulumizidwa ndi kusalabadiridwa kumaonjezera kufooka kwa wodwala pamwamba pa kumene matenda acita. Koma ndicenjeze pano: sindinena kuti umunthu wa agogo ndi mphatso yathu imene tingaibweze tikatopa. Ngakhale onse atawataya, iwo akali munthu. Cimene cingacepe ndi umunthu wa owatayawo.

Mafunso awiri obvuta

Pali zinthu ziwiri zimene osamala odwala otere amakumana nazo, zimene sizili ndi yankho losalala.

Madzulo ena agogo amafunsa kuti, "Kodi atate anu abwerako ku nyanja?" pamene amuna aowo anamwalira zaka khumi zapitazo. Mukati, "Anamwalira kale," iwo amamva uthenga wa maliro ngati watsopano, nalira, ndipo mawa adzafunsanso, nadzaliranso. Mukati, "Ali m'njira," mwanama kwa kholo lanu. Ambiri amasankha bodza, ndipo sindiwaweruza kolimba. Koma ndiganiza kuti pali njira yacitatu. Kawiri-kawiri funsolo si la kufuna kudziwa, koma la kusungulumwa. Mungayankhe kuti, "Mwawakumbuka atate? Kodi ankakonda kupha nsomba zanji?" ndipo nkhani ya cambo ndi kampango idzawapatsa cimene mtima unali kufuna. Koma akakuyang'anani m'maso nafunsa molunjika kuti, "Kodi anamwalira?" auzeni zoona mofatsa, ndipo khalani nao kufikira misozi iphwa. Bodza limene ndilikana kotheratu ndilo lotipindulitsa ife: kuwadindiritsa cala pa kalata ya munda, kapena kutenga ndalama zao ndi kunena kuti anazitaya okha. Kumeneko ndi kuba, ndipo kuiwala kwa wobedwa sikucepetsa mlandu.

Funso laciwiri ndi la cingwe. Mabanja ena amamanga wodwala pa mtengo kapena kumtsekera yekha m'nyumba popita ku munda. Mantha ao ndi oona: mseu waukulu wa ku Salima uli pafupi, mitsinje imadzaza nthawi ya dzinja, ndipo moto wa pa mafuwa sudziwa nkhalamba. Koma munthu womangidwa samvetsa cifukwa cace. Amangoona kuti ana ace am'sandutsa mbuzi. Amalimbana, nabvulala, miyendo nifooka, ndipo ukali umene tinkaopa umakula. Cingwe cabwino ndico maso a mudzi. Auzeni anyakwawa ndi anansi onse za matendawa poyera, kuti aliyense wokumana ndi agogo pa njira, ngakhale mwana wa sukulu, adziwe kuwapatsa moni ndi kuyenda nao kubwerera. Usiku wina agone nao m'nyumba, ndipo kacitini ka timiyala kopacikidwa pa citseko kadzamdzutsa. Kubisa matenda cifukwa ca manyazi ndiko kumene kumapatsa mpata onong'onezana aja.

Wosamala naye ndi munthu

Zonsezi n'zosatheka kwa munthu mmodzi, ndipo kungakhale kupanda cilungamo kumwerengera mwana wamkazi uja nchito zatsopano pamwamba pa zimene wasenza kale. Kuno kwathu, kumene mabanja ambiri amatsata kucikazi, katundu yense amagwera mwana wamkazi amene anatsala pa mudzi. Iyeyo ndiye alima, atunga, aphika, acapa zofunda zonyowa, ndi kudzuka katatu usiku. Ndipo tsiku limene wapsa mtima nakalipa, abale ocokera kutali ndiwo ayamba kumdzudzula. Mutu umodzi susenza denga. Mwini mbumba amene amafulumira kudza pa nkhani ya ukwati ndi ya malire a munda, afulumirenso pa imeneyi, nagawe masiku pakati pa abale. Kuyenda ndi agogo, kusewera nao bawo, kupita nao ku cipatala, si nchito za akazi okha. A m'miphakati, amai a Cigwirizano ndi a ku mzikiti, amene sasowa pa maliro, angathe kudzanso munthu akali moyo, nakhala naye masana amodzi pa sabata kuti wosamala akagone tulo. Ndipo ndalama za ku Johannesburg zija, m'malo mogulira mabotolo a anthu onyenga, zilipire waganyu wopalira m'munda wa mlongo wace, ndi ulendo wa ku cipatala mwezi ndi mwezi. Mwini wace aziimba foni, ngakhale amai ace amuyese mcimwene wao amene anamwalira kale. Mau ace amawafika ndithu.

Pa khomo la agogo aja zinthu sizinasinthe tsiku limodzi, ndipo matenda sanabwerere m'mbuyo. Caka cino atsikanso khwerero lina, ndipo masiku ena sadziwa ndi mwana wao yemwe. Koma abale anakhala pansi nagawana masiku. M'mawa mankhwala amadza pamodzi ndi phala. Dzuwa likapendeka, mdzukulu wamkazi amayala mkeka pansi pa mango, naika licero la mpunga m'manja mwao, nayamba nyimbo ya pa mtondo imene anaiphunzira kwa iwo omwe. Poyamba agogo amangoyang'ana licerolo. Kenaka manja amayamba okha, mankhusu nauluka, ndipo pa mzere waciwiri mau ao amalowa, otsika koma osaphonya. Akatha amamuitana mtsikanayo ndi dzina la mng'ono wao amene anamwalira kale-kale, namuuza kuti akatenge nkhuni kusanade, ndipo iye amayankha kuti, "Ndamva, agogo," nanyamuka. Mawa ndi tsiku lokayezetsa magazi ku cipatala, ndipo mkamwini wapopa kale njinga.